A Tikutseka, Mlongo Wanga

Mumsewu wa masitolo palibe amene amadziwa dzina limene mayi athu anawapatsa achimwene anga. Onse amawatcha a Tikutseka. Ngakhale ana a sukulu akamadutsa amawapatsa moni ndi dzina lomwelo, iwo n'kuyankha osakwiya. Ine ndine mlongo wawo wamkulu. Amuna anga atamwalira, achimwene ndiwo anandipatsa kachipinda ka kuseri kwa nyumba yawo ya lendi. Ntchito yanga ndi yochapa ndi kusita pa nyumba ina yogona alendo, ndipo njira yopita kumeneko imadutsa pakhomo pomwe iwo amaima. Choncho zimene ndikulembazi si zongomva.

Chiyambire ubwana, chuma cha achimwene chinali pakhosi. Sukulu sanapite nayo patali. Manja awo sankagwirizana ndi nyundo kapena singano. Koma akatsegula pakamwa, anthu ankatembenuka. Mukwaya ya kutchalitchi kwathu ankawaimika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, chifukwa akaima kutsogolo anzawo onse ankangooneka milomo ikuyenda.

Atakwatira ankadalira maganyu. Tsiku lina ankathandiza dalaivala wa lole kubwerera m'mbuyo pakati pa masitolo, akufuula kuti, "Bwera! Bwera! Ima!" Mwini sitolo ina anawamva ali m'kati mwa ofesi yake, chitseko chili chotseka. Anatuluka n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mawu amenewa ndi anu nokha, bambo, kapena mulimo awiri?"

"Ndi anga ndekha, bwana."

"Sitolo ino tikutseka mwezi uno ukatha. Ndikufuna munthu woima pakhomo, aziitana anthu adzamalize katundu. Ndi ganyu wa mwezi umodzi basi."

Tsiku limenelo mwana wawo womaliza anali kumsana kwa mayi ake. Lero mtsikanayo akumaliza sekondale, ndipo sitoloyo ikutsekabe.

Ndi sitolo ya mabulangete, mapoto, mabigiri, mbale, masutikesi ndi mipando ya pulasitiki. Pamwamba pa khomo pali chinsalu chachikasu cha zilembo zofiira: TIKUTSEKA! ZONSE ZIPITE! Dzuwa ndi mvula zikachisuwitsa, amalembetsa china, ndipo wokwera pamakwerero kukachimanga ndi achimwene omwewo. Theka la zenera analimata nyuzipepala zakale. Pakona pali mulu wa makatoni opanda kanthu, oti munthu akaona aziganiza kuti akulongedza. Mashelefu ali ndi mipata ngati m'kamwa mwa nkhalamba, ndipo mipatayo ndi yadala. Lamulo la pamenepo ndi lakuti shelefu isadzaze. Katundu watsopano amalowera ku khomo la kuseri m'mamawa, n'kumatuluka m'chipinda chosungiramo pang'onopang'ono: mabulangete awiri, mapoto atatu. Wogula akafika amapeza zotsala zokhazokha, mtima n'kuyamba kumuthamanga.

Chinthu chilichonse chili ndi kakatoni kake ka mtengo. Pamwamba pali nambala yaikulu yodulidwa ndi mzere wofiira, pansi pake nambala yaing'ono. Tsiku lina ndinapititsira achimwene tiyi m'botolo sitolo isanatsegulidwe, ndipo ndinapeza mayi wa pa kauntala atakhala ndi mulu wa timakatoni, cholembera chakuda kudzanja, chofiira atachiluma m'mano. Ankalemba yaikulu, kuidula, kulemba yaing'ono, kuponya pambali, kutenga kena.

"Kodi mtengo wapamwambawu unaliko liti?" ndinamufunsa.

Analavulira cholembera chofiira m'dzanja n'kuseka. "Unaliko pamene ndimaulemba, mayi. Simunauone?"

Anandionetsanso mabigiri olembedwa kuti ukagula chimodzi china ulandira ulere. Mtengo wa chimodzicho unali wa awiri. Masutikesi ankati atsitsidwa ndi theka, koma theka limenelo linali ndendende mtengo wa kumsika, ndi kakobiri pamwamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Achimwene zonsezi ankazidziwa. Nthawi ina nsimbi yanga yositira itafa, ndinalunjika pasitolopo. Ndisanaponde pakhomo anandigwira pachigongono, n'kulankhula ndi mbali imodzi ya pakamwa.

"Achemwali, osagula pano. Pitani kumsika, mzere wa kumunsi. Nsimbi yake ndi yomweyi, ndipo mubwerako ndi chenji."

Atatero anatembenukira kumsewu, kudzaza mpweya m'chifuwa: "Mitengo yagwa! Yagweratu pansi! Tikutseka, amayi ndi abambo, tikutseka!" Nkhunda za padenga zinauluka.

Lamulungu lotsatira, tikuchokera ku mapemphero, ndinawafunsa mosamala, chifukwa ndinkagona pansi pa denga lawo.

"Achimwene, pakamwa pomwepo mumaimbira Mulungu. Zija mumafuula zija si bodza kodi?"

Anayenda pang'ono. Kenako anati, "Ine sindilemba mitengo. Cholembera chofiira sindinachigwirepo. Ndipo kutseka adzatseka ndithu. Ilipo sitolo imene idzakhale mpaka Ambuye kubwera?"

Apo ndi pamene panagona nkhani yonse. Za mitengo achimwene sankanamizidwa. Chimene ankakhulupirira ndi mtima wonse chinali kutsekako, chifukwa pa tsiku lotseka ndi pamene panapachikidwa moyo wawo.

Mwezi woyamba uja utatha, abwana anati katundu sanathe, awonjezere mwezi wina. Winawo utatha, anatero kachiwiri. Chaka chitazungulira achimwene anapempha kalata ya ntchito, kuti akhale ngati anzawo a m'masitolo ena, okhala ndi tchuthi ndi tsiku lodwala. Abwana anawayang'ana ngati munthu womva chisoni.

"Ndikulembeni ntchito yokhazikika pa sitolo yoti ikutsekedwa? Ndikhala ndikukunamizani, bambo. Koma tamverani. Tsiku lotseka sindidzakusiyani chimanjamanja. Zaka zonse zimene mwaima pakhomo pano ndidzaziika pamodzi, ndidzakupatsani ndalama zotsanzikirana. Koma wochoka yekha tisanatseke, amachoka ndi nsapato zake zokha."

Mawu amenewa ankauzidwa aliyense wogwira ntchito pamenepo. Ambiri ankamva, kugwira miyezi ingapo, n'kupita. Achimwene anakhala. Chaka chilichonse chimene chinkadutsa, ndalama ya m'mutu mwawo ija inkakula, ndipo kuchoka kunkavutirapo. Anayamba kukamba za kamalo kawo kunja kwa tauni, nyumba ya zipinda zitatu, china changa, cha zenera loyang'ana kum'mawa. Alamu anga, akazi awo, poyamba ankathandiza kusankha mtundu wa makatani. Patapita zaka anasiya. Nkhaniyo ikayamba ankangonyamuka kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Moyang'anana ndi sitoloyo, pansi pa khonde la nyumba yogulitsira mankhwala, pamakhala mkulu wina wosoka nsapato amene anthu amamutcha a Chidendene. Iye ndi achimwene akalambira limodzi mumsewumo. M'mawa uliwonse moni wawo ndi umodzi.

"A Tikutseka! Lero ndiye mutseka?"

"Mawa, a Chidendene, mawa!"

"Mudzandiuziretu, ndidzabwereke suti. Maliro a sitolo imeneyi sindingawaphonye."

"Inu mudzayamba ndinu kutseka. Taonani msanawo!"

Ankaseka onse, wina n'kubwerera ku singano yake, wina ku mawu ake.

Mawuwo anayamba kusasa nyengo yozizira ya chaka chapitacho. Tinkati ndi chimfine. Chimfine chinatha, kusasa kunatsala. M'mawa ankatuluka bwinoko, koma dzuwa likapendeka ankamveka ngati chitseko cha dzimbiri. Kukwaya anayamba kungotsegula pakamwa, kenako anasiya kupita, akuti mwendo ukuwawa poima. Alamu anawakokera kuchipatala. Adokotala anawaunika kukhosi n'kunena kuti muli tizotupa tobwera chifukwa chofuula. Anati mankhwala ake enieni ndi kukhala chete, ndipo akapitiriza, tsiku lina adzatsegula pakamwa osatuluka kanthu.

Ine ndinapemphera, kenako ndinavala nsapato. Mkulu wa mpingo wathu ali mu komiti ya sukulu ya pulayimale ya kumtunda, ndipo ndinali nditamva kuti mlonda wa pageti akupuma. Ndinapita kunyumba kwawo, kukhala pamphepete pa mpando, n'kufotokoza. Anandimvetsera bwino. Anati ntchitoyo ndi ya masana: kutsegula geti, kutseka geti, kuliza belu. Palibe kufuula. Pali kalata ya ntchito, tchuthi ana akatsekera, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri pambali pa getipo. Malipiro ndi ocheperako pang'ono kuposa a kusitolo. Koma yankho ankalifuna sukulu isanatsegulidwe, chifukwa opempha anali ambiri.

Ndinauza achimwene ndi alamu pa chakudya chamadzulo. Alamu anaika sipuni pansi.

"Mulungu wamva," anatero. "Bambo a ana, mawa mukatsanzike."

Achimwene anakhosomola. "Nkhani yake si yothamangira."

"Yosathamangira iti? Adokotala aja ankayankhula ndi khoma?"

"Ndikachoka lero, ndataya zonse. Zaka zonsezi ndiye ndinaimiranji?"

"Zonse ziti? Munaziona? Munazigwira? Ndionetseni, nanenso ndizigwire!"

"Abwana si mwana. Analankhula pamaso panga."

"Amalankhulanso pa chinsalu chija, zilembo zake zazikulu kuposa mutu wanu. Inuyo ndi amene mumauza achemwali anu kuti asagule pamenepo. Ndiye bodza la pa bigiri mumaliona, koma la pa inu nokha ayi?"

Mtsikana wawo anatenga mbale yake n'kupita kukadyera panja. Ine ndinati ndiikepo mawu ofewa.

"Achimwene, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ndi wa mphepo."

Anandiyang'ana. Maso awo anali ofiira, kaya ndi fumbi la mumsewu kaya ndi china. Kenako ananong'ona, chifukwa nthawi imeneyo ya tsiku mawu ankakhala atatha: "Chabwino. Ndikatsanzika. Koma mundiperekeze, achemwali."

Kutacha anavala jekete lawo la kutchalitchi, limene ndinalisita ndekha. Tinanyamuka limodzi. Pakhomo la sitolo anaima, kukonza kolala, n'kulowa. Ine ndinawoloka msewu kukakhala pa benchi ya a Chidendene.

"Jekete lero Lachiwiri?" anatero mkuluyo, ulusi uli m'mano. "Kwagwanji, mayi? Akukafunsira mkazi wachiwiri?"

Ndinamufotokozera. Anasiya kusoka. Kwa nthawi yoyamba chimudziwire, sanaseke.

"Akadakhala kuti anangopita osatsanzika," anatero. "Ofesi imene ija ili ngati mono wogwirira nsomba. Polowa ndi potakasuka."

Kuchokera pa benchi imeneyo munthu amaona kanjira kolowera kuseri kwa sitolo. Ndili chikhalire, lole inabwerera m'mbuyo m'kanjiramo. Amuna awiri anayamba kutsitsa mitolo ya mabulangete okulungidwa m'mapulasitiki, kenako mipando yosanjikizana mpaka kupitirira mutu wa munthu. Anatsitsa, anatsitsa, mpaka ndinasiya kuyang'ana. Mayi wa pa kauntala anatuluka ndi thireyi ya makapu awiri, kuwoloka kukagula mikate, n'kubwerera nayo ku ofesi.

"Tiyi," anatero a Chidendene. "Zaka zonsezi sanawapatsepo ndi madzi omwe. Basi, mayi, yapita imeneyo."

Achimwene anatuluka dzuwa litakwera. Jekete linali pamkono. Sanayang'ane kumene ndinali. Analipinda bwinobwino, kuliika pa mulu wa makatoni, kuima pamalo pawo pomwe simenti inachita kudyeka ndi mapazi awo, n'kudzaza mpweya m'chifuwa.

"Mitengo yagwa! Tikutseka, amayi ndi abambo!"

Mawuwo anasweka pakati ngati mbale, koma anawatola n'kupitiriza.

Madzulo anatiuza zimene zinachitika. Abwana anawakhazika pa mpando wofewa. Anati mwini nyumba ya sitoloyo akuifuna, chaka chino sichitha asanatseke, ndipo iyi ndi nkhani yachinsinsi, asauze anzawo. Anati, "Mwasambira mtsinje wonse, tsidya mukuliona, ndiye mubwerere?" Kenako anawanong'oneza kukhutu kuchuluka kwa ndalama zotsanzikirana zija. Achimwene anakana kutiuza nambalayo. Anangoti ndi yoti munthu sangaisiye chifukwa cha belu la ana.

"Nanga lole ija?" ndinafunsa. "Munthu wotseka amaodanso mipando?"

"Anaitanitsa kale. Sakanaibweza."

Alamu anatenga bulangete lawo n'kukagona kuchipinda kwa mwana wawo, ndipo mpaka lero amagona komweko. Wopita kukauza mkulu wa mpingo ndinali ine. Anandilandira mwaulemu, n'kunena kuti palibe kanthu, munthu sakakamizidwa mwayi. Sukulu itatsegulidwa, pageti panaima bambo wina wamtali wa chipewa. Ndimamuona ndikamapita ku mapemphero a amayi. Pa kanyumba kaja mkazi wake anadzala maluwa m'zitini.

Mawu anapitiriza kutha. Tsopano ankasasa kuyambira m'mawa. Anthu odutsa anayamba kuseka, ena kuwayeserera. Ndiye kunabwera mwana wa abwana, bambo wachinyamata amene anaphunzira za malonda ku koleji ndipo anali atayamba kuyendetsa sitoloyo limodzi ndi bambo ake. Iyeyu anali waulemu kwambiri. Ankawatcha achimwene kuti "madala".

"Madala, mawu amenewa ndi chuma cha sitolo ino," anatero. "Sitingalole kuti awonongeke. Pitani mukapume masiku angapo, tikulipirani. Nayu uchi, nawa mandimu. Akabwerera bwino tidzawajambule, kuti inu muzipuma."

Chinali tchuthi choyamba chiyambire ntchitoyo. Anakhala pakhonde atakulunga mpango m'khosi, akumwa madzi ofunda a uchi, akulankhula ndi manja. Ankaoneka ngati mwana wodwala amene akusangalala kuti sanapite kusukulu. Ine ndinaona kuti masiku ochepa okhawo akhala chete, mawu anayamba kubwerera, ndipo ndinaganiza za geti lija.

Anawajambulira m'chipinda chosungira katundu, pakati pa mitolo ya mabulangete, kuti phokoso la mumsewu lisalowe. Anabwera kunyumba nkhope ikuwala. Anati anabwereza kangapo, ndipo komaliza mawu anatuluka onse, ngati kale mukwaya, mpaka mayi wa pa kauntala anaomba m'manja. Anati mwana wa abwana anawagwira chanza ndi manja awiri.

Kumeneko kunali kufuula kwawo komaliza. Zimene zinatsala m'khosi anazithira zonse m'foni ya mwana uja. M'mawa mwake anatsegula pakamwa kuti andipatse moni, ndipo panatuluka mpweya wokha.

Sabata yotsatira pasitolo panafika sipika yakuda yonga kabokosi, ya lamba wokoleka m'khosi. Poyamba anaiika pa mpando pakhomo, koma tsiku lomwelo wina anafuna kuthawa nayo. Ndiye anati achimwene aziinyamula. Aziima pamalo pawo pomwepo, sipika pachifuwa, azimwetulira ndi kulozera anthu khomo. Mwezi utatha analandira theka la malipiro awo.

"Mukudziwa, madala, ntchito yaikulu tsopano ikugwira ndi makinawa," anatero mwana wa abwana. "Koma lonjezo la bambo lili pomwepo. Inu ndinu wa m'banja."

A Chidendene atamva anagwedeza mutu. "Chitsegulireni sitolo imene ija," anandiuza, "katundu amene atsitsidwadi mtengo ndi achimwene anuwa basi."

Masiku ano ndikamachokera ku ntchito, mawu a achimwene ndimayamba kuwamva ndisanakhote pakona. Ndi aakulu, oyera, osatopa. Amanena zomwezo, kupuma pomwepo, kuyambiranso. Ndikakhota ndimaona mwini wake: bambo wowonda wa imvi, lamba atadya kolala ya malaya, milomo yotseka. Nthawi zina amaiwala n'kumayendetsa milomo motsatira sipikayo. Alamu anayamba kugulitsa zovala zakale pamsika kuti lendi ikwane. Ine ndimaika zanga patebulo mwezi ukatha, ndipo palibe amene amakananso.

Lachisanu lapitali, pochokera ku mapemphero a amayi, ndinaima kaye kwa a Chidendene kuti andisokere lamba wa nsapato. Anandilozera ndi singano. Pa sitolo yoyandikana ndi ya abwana, imene kale inali ya telala, panali amuna awiri ndi tepi yoyezera.

"Mukuwaona awo? Akuboola khoma. Abwana atenganso chipinda cha telala. Akuti mbali imeneyo kukhala mafiriji ndi mawailesi. Chinsalu chatsopano achiitanitsa kale, chachitali kuyambira uko mpaka uko."

Ndinawoloka msewu. Achimwene atandiona anapotokola kabatani ka sipika, mawu awo n'kutsika. Anandikodola kuti ndibweretse khutu.

"Kwabwera anthu oyeza," ananong'ona. "Mwawaona? Mwini nyumba watumiza anthu ake."

"Achimwene…"

Anandigwira dzanja, kulifinya mpaka kuwawa.

"Ndaona mumayankhula ndi a Chidendene. Musanene, achemwali. Chonde musanene."

Ndinawayang'ana m'maso, ndipo ndinaona kuti palibe chimene ndikanawauza chimene sankachidziwa. Akanapita kuti? Munthu wopanda mawu, wopanda kalata, wa msinkhu umenewo, geti lija lili ndi mwini wake. Chotsala chinali khomo limeneli ndi tsiku lotseka lija. Ndinameza mawu anga.

Anandilozera kukhosi kuti kwauma, ndipo botolo lawo linali lopanda kanthu. Mpope uli kuseri kwa sitolo, koma lamulo ndi lakuti sipika isachoke pakhomo ndiponso isazime. Anavula lamba uja n'kundikoleka m'khosi ndisanaganize. Anakweza kabatani, n'kulowa m'kanjira mothamanga.

Sindinkadziwa kuti imalemera choncho. Imanjenjemeranso. Mawu a mlongo wanga ankandigunda pachifuwa, akulowa mpaka m'nthiti: mitengo yagwa, yagweratu pansi, tikutseka. Ndinaima ndi chikwama changa cha Baibulo kudzanja, maso pansi. Kudzera pa mbali ya zenera yopanda nyuzipepala, mwana wa abwana ankandiyang'ana, manja m'matumba.

Panafika mayi wina wachitsikana, khanda kumsana, kansalu komanga mfundo kali m'dzanja. Anayang'ana chinsalu cha pamwamba, anayang'ana mabulangete awiri otsala pashelefu, kenako anayang'ana ine, mpango wanga woyera ndi chikwama changa. Anasendera pafupi n'kukweza mawu kuti apose sipika.

"Amayi, inu mukuoneka opemphera. N'zoona akutseka? Ndalamayi ndi ya mankhwala a mwana, koma ndati bulangete lingandithere."

Ndinayang'ana kuzenera. Mwana wa abwana sanasunthe. Ndinayang'ana kukanjira. Achimwene anali akubwera, botolo kukamwa.

"Ine si wa pano, mwanawe," ndinatero. "Ndangogwirizira achimwene. Koma yamba wagula mankhwala. Ndi apo, tsidya la msewu."

Sindikudziwa ngati anamva mawu omalizawo, chifukwa sipika inali itayambiranso. Anaima pang'ono, kugwedeza khanda, n'kulowa m'sitolo.

Achimwene anafika akupukuta pakamwa ndi mkono. Anandivula lamba mosamala kuti asakole mpango wanga, n'kuukoleka m'khosi mwawo. Anayang'ana kuzenera, kuweramitsa mutu pang'ono kwa mwana wa abwana, n'kubwerera pamalo pawo. Kumtunda kunkabwera gulu la anthu otsika basi. Anawongola msana, kukonza nkhope, n'kutambasula dzanja kuwalozera khomo.